Udzudzu, Tizidutswa ta RNA ndi Mlandu wa Zoipa za m'Chilengedwe

Anthu amene amasinkhasinkha za Mulungu ndi mavuto a padziko amagawa zoipa pawiri. Pali zimene munthu amachita mwadala, monga kupha, kuba ndi kupondereza osauka, ndipo pali zimene zimangogwera anthu popanda dzanja la munthu: chilala, chivomerezi, namondwe ndi matenda. Pa zoyambazo wolakwa amadziwika ndipo angathe kulozedwa chala. Zachiwirizi ndi zimene zasautsa anzeru kwa zaka zikwi zambiri, chifukwa pamene palibe munthu wolakwa, mlandu umaoneka ngati ukukwera mpaka kwa Namalenga mwini wake. David Hume, m'buku lake limene linatuluka mu 1779 iye atamwalira kale, anakumbutsa funso limene ankati linayamba ndi Epicurus wa ku Greece. Phata la funsolo n'lakuti Mulungu wamphamvu zonse amene alinso wabwino kotheratu sakanalola zoipa, choncho kupezeka kwa zoipazo kumakayikitsa mphamvu zake kapena ubwino wake.

Pa zolengedwa zimene zimatchulidwa pa mlanduwu, udzudzu sulephera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2023 anthu pafupifupi 263 miliyoni anadwala malungo ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira. Mwa imfa 100 zilizonse, 95 zinachitikira mu Africa, ndipo ochuluka mwa omwalirawo anali ana osakwana zaka zisanu. Amenewo ndi malungo okha, ofalitsidwa ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles. Mtundu wina, Aedes aegypti, umanyamula mavairasi a dengue, chikungunya, Zika ndi yellow fever. Kuyambira pamene Ronald Ross anaona tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897, njira ya matendawa yakhala ikudziwika. Chimene chinkasowa ndi chifukwa chake udzudzuwo umapirira zimene wanyamula, osafa nazo. Yankho layamba kuoneka m'zaka 30 zapitazi, ndipo mbali yaikulu yagona pa tizidutswa totchedwa RNA yaing'ono. Zimene zapezekazo sizikuthetsa funso lakale lija, koma zikusiyanitsa mayankho olimba ndi ofooka.

M'selo ya chamoyo muli DNA, ulusi wautali wolembedwapo malangizo a kapangidwe ka thupi ndi zilembo zinayi zokha. Chigawo cha ulusiwu chokhala ndi malangizo a chinthu chimodzi chimatchedwa jini. Selo ikafuna kupanga puloteni, imakopera malangizo a jini imeneyo pa ulusi wina wotchedwa RNA, ndipo RNA ndi imene imapita nawo kopangira mapuloteni. Kwa nthawi yaitali asayansi ankangoiona ngati mtumiki. Mu 1990 Carolyn Napoli ndi Richard Jorgensen anawonjezera jini ya utoto m'maluwa a petunia kuti mtundu wake ukolere, koma maluwa ambiri anatuluka oyera kapena amawangamawanga. Mu 1993 magulu a Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, pofufuza kanyongolotsi ka C. elegans, anapeza kachidutswa ka RNA ka zilembo pafupifupi 22 kamene sikapanga puloteni, koma kamamatirira pa RNA ina n'kuiletsa kugwira ntchito. Kenako mu 1998 Andrew Fire ndi Craig Mello anasonyeza kuti RNA ya maulusi awiri opotana ikalowa m'selo, imazimitsa jini imene zilembo zake zikufanana nayo. Fire ndi Mello analandira mphoto ya Nobel mu 2006, Ambros ndi Ruvkun mu 2024.

Mu udzudzu muli mabanja atatu a tizidutswa timeneti, siRNA, miRNA ndi piRNA, ndipo loyambalo ndi limene lanyamula nkhani ino. Mavairasi a dengue, Zika ndi chikungunya alibe DNA. Malangizo awo analembedwa pa RNA. Vairasi yotere ikamachulukana, pamakhala nthawi imene RNA yake imakhala ya maulusi awiri, chinthu chimene selo yathanzi sikhala nacho chambiri. Puloteni yotchedwa Dicer-2 imazindikira ulusi wachilendowo n'kuuduladula tizidutswa ta zilembo 21. Kachidutswa kalikonse kamaperekedwa kwa puloteni ina, Argonaute-2, imene imayenda nako m'selo monga amachitira mayi amene wadula kansalu ka chitenje cha ukwati n'kumalowa nako sitolo ndi sitolo mu Limbe, akukaika pa nsalu iliyonse kuti apeze yofanana nako. Kusiyana kwake n'kwakuti Argonaute-2 ikapeza yofananayo imaidula. Motero vairasi imapereka yokha chizindikiro choisakira. Udzudzu ulibe asilikali a m'magazi a mtundu umene munthu ali nawo, aja ophunzitsidwa ndi katemera. Pa mavairasi chida chake chachikulu n'chimenechi.

Umboni wake unabwera pozimitsa chidacho n'kuona chotsatira. Mu 2004 asayansi a ku Colorado State University anafooketsa Argonaute-2 mu Anopheles gambiae n'kuupatsa vairasi ya o'nyong-nyong, ndipo vairasiyo inachulukana kuposa masiku onse. Imeneyi si vairasi yachilendo kuno: mliri wake umene unayambira kumpoto kwa Uganda mu 1959 unafika mpaka ku Malawi, ndipo unadwalitsa anthu pafupifupi 2 miliyoni m'mayiko onse amene unadutsa. Mu 2008 gulu la Kevin Myles ku Virginia Tech linapita patsogolo. Linatenga vairasi ya Sindbis n'kuiwonjezera puloteni yotchedwa B2, yochokera ku vairasi ina ya tizilombo, imene imaphimba RNA ya maulusi awiri kuti Dicer-2 isaifikire. Udzudzu umene unapatsidwa vairasi wamba unakhalabe ndi moyo, pamene wopatsidwa vairasi yobisala ija unafa wambiri. Mu 2023 ofufuza a ku Johns Hopkins anachotseratu jini ya Argonaute-2 mu Aedes aegypti, ndipo nawonso anaona udzudzu ukufa wochuluka ukagwidwa ndi mavairasi amene umanyamula bwinobwino nthawi zonse.

Udzudzu ukayamwa magazi a wodwala sungapatsire munthu wina tsiku lomwelo. Vairasi ya dengue imafuna masiku 8 mpaka 12 kuti ichoke m'mimba, ifalikire m'thupi n'kufika m'malovu, ndipo udzudzu wakutchire wambiri umafa masikuwo asanakwane. Chitetezo cha siRNA chikanakhala chofooka kwambiri, vairasi ikanapha udzudzu usanalume munthu wachiwiri, mliri n'kuthera pomwepo. Chikanakhala champhamvu kotheratu, vairasi ikanafera m'mimba, mliri osayamba n'komwe. Koma chili pakati: chimakwanitsa kupulumutsa udzudzu, chimalephera kumaliza vairasi. Kafukufuku wa gulu la João Marques ku Brazil, wotuluka mu 2018, anasonyeza kuti njirayi imagwira bwino m'thupi koma ndi yofooka m'matumbo, pakhomo penipeni polowera dengue, chifukwa puloteni yothandizira yotchedwa Loqs2 sipezeka mmenemo. Choncho mwana amene wagonekedwa ndi dengue ku Dhaka kapena ku Recife akudwala, mwa zina, chifukwa chitetezo cha udzudzu chinagwira ntchito yake mokwanira kuti udzudzuwo ukhale moyo sabata ziwiri. Chimene chinapulumutsa udzudzu n'chomwecho chimene chadwalitsa mwanayo.

Banja la miRNA limasonyeza zomwezo kuchokera mbali ina. Tizidutswa iti sitichokera kwa mdani. Tinalembedwa mu DNA ya udzudzu weniweniwo, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa mphamvu ya majini ena panthawi yake. Udzudzu wamphongo suluma, ndipo ngakhale waukazi umakhalira timadzi totsekemera ta zomera. Magazi umawafunira mazira. Ukakhuta, thupi lake limasintha m'maola ochepa: madzi a m'magaziwo amatayidwa, mapuloteni amagayidwa, ndipo chakudya cha mazira chimatumizidwa kumalo kwake. Gulu la Alexander Raikhel ku California linapeza mu 2010 kuti kachidutswa ka miR-275 kakatsekedwa, udzudzu umalephera kugaya magazi ndipo mazira ake sakula. Patapita zaka zinayi linapezanso kuti popanda miR-1174 umavutika ngakhale kulowetsa magazi m'mimba. Munthu akalondola kuluma mpaka pagwero pake amakapeza uchembere. Malungo nawonso amapezerapo mwayi pa njala yomweyi, ngakhale kuti kachilombo kake, Plasmodium, si vairasi ndipo siRNA sikagwira. Pa iko udzudzu umadalira zida zina monga puloteni ya TEP1, imene ntchito yake inaoneka mu 2004 asayansi ataizimitsa ndi RNA ya maulusi awiri.

Mu zamoyo zambiri piRNA imalondera mazira ndi umuna kuti zisasokonezedwe ndi tizigawo ta DNA timene timadumpha kuchoka pamalo ena kupita pena. Ntchentche ya zipatso ili ndi mapuloteni atatu ogwira ntchito ndi piRNA. Aedes aegypti uli ndi asanu ndi awiri, ndipo ena amapanganso piRNA kuchokera ku mavairasi. Mu DNA ya udzudzuwu mulinso zidutswa za mavairasi amene anagwira makolo ake, zimene zinakhazikika n'kumapitirira ku mibadwo. Ofufuza a ku Institut Pasteur ku Paris anasonyeza mu 2020 kuti chidutswa chimodzi chotere chimachepetsa vairasi yofanana nacho kumalo kopangira mazira. Chaka chomwecho gulu la Ronald van Rij ku Nijmegen linalengeza za piRNA yotchedwa tapiR1, imene ikatsekedwa mazira ambiri saswa, ndipo yakhala yosasintha kwa zaka pafupifupi 200 miliyoni.

Oyamba kugwedezeka ndi zonsezi ndi amene amatsimikiza za Mlengi poona luso la kapangidwe ka zamoyo. William Paley mu 1802 anati munthu akatola wotchi amadziwa kuti pali amene anaipanga, ndipo diso n'loposa wotchi. Woganiza chonchi angachite chidwi ndi Dicer-2, imene imayeza zilembo 21 mosaphonya. Koma luso lomwelo ndilo limasunga dengue, ndipo munthu sangatamande kulondola kwa chipangizo n'kutsinzina pa zimene kulondolako kumabala. Charles Darwin anapunthwa pamwala womwewu. M'kalata yake kwa Asa Gray mu 1860 anavomereza kuti ankalephera kukhulupirira zoti Mulungu wachifundo anakonza dala mavu amene mphutsi zake zimadya mbozi ili moyo. Sanafike pokana Mulungu m'kalatayo. Anapendekera ku maganizo akuti malamulo a chilengedwe anaikidwa, koma tsatanetsatane anasiyidwa kuti azichitika yekha.

M'mipingo yambiri yankho lozolowereka n'lakuti chilengedwe chinali chabwino ndipo chinasokonekera munthu atachimwa. Genesis 3 imatchula minga, ndipo Paulo mu Aroma 8 amanena za chilengedwe chobuula. Ena amafika ponena kuti udzudzu woyamba unkangomwa timadzi ta maluwa. Vuto lake ndi zaka. Mu 2013 kunalengezedwa za udzudzu wa zaka 46 miliyoni wopezeka m'mwala ku Montana, m'mimba mwake mudakali zizindikiro za magazi, pamene mafupa akale kwambiri a munthu wa mtundu wathu ali ndi zaka pafupifupi 300,000. Wovomereza zaka zimenezi sanganene kuti kuluma kunayamba ndi Adamu. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a zaumulungu amawerenga Genesis 3 ngati nkhani ya ubale wosweka pakati pa munthu, Mulungu ndi nthaka, osati mbiri ya tsiku limene tizilombo tinasintha kadyedwe. Okana zakazo ali ndi mkangano wawo ndi akatswiri a miyala.

Nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa imayenda njira yofananako. Poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, mpaka munthu anapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, ndipo imfa inalowa. Nthanoyi siwerenga zaka. Mphamvu yake ili pa mfundo yakuti luso la munthu ndilo linasokoneza mtendere, ndipo pa udzudzu mfundoyi ili ndi choonadi chochuluka. Makolo a Aedes aegypti ankakhala m'nkhalango za mu Africa, akuikira mazira m'mphako za mitengo ndi kuluma nyama zosiyanasiyana, ndipo abale awo otere alipobe. Kafukufuku akusonyeza kuti mtundu wokonda munthu unayambira kumadera ouma a Sahel, kumene m'chilimwe madzi odalirika anali amene anthu asunga m'mitsuko. Unawoloka nyanja ya Atlantic m'zombo za akapolo, ndipo lero umaswana m'matayala otayidwa ndi m'zigubu za m'madera a m'tauni opanda madzi a m'mipope. Malire a pakati pa zoipa za anthu ndi zoipa za chilengedwe, amene m'mabuku amaoneka owongoka, apa afufutika.

Pa mayankho onse akale, logwirizana kwambiri ndi zimene zapezeka m'malabotale ndi la Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430. Iye ankatsutsana ndi otsatira a Mani, amene ankati tizilombo topweteka sitingachokere kwa Mulungu wabwino. Augustine anayankha kuti choipa si chinthu cholengedwa koma kuperewera kwa ubwino pamene umayenera kukhala, ndipo chilichonse chimene chilipo n'chabwino pa mtundu wake. Anavomereza kuti sankadziwa chimene mbewa, achule ndi ntchentche zinalengedwera, komabe ankaona dongosolo m'matupi mwake. Wodandaula anamuyerekezera ndi mbuli yolowa m'nyumba ya mmisiri, imene ikadzicheka ndi chida imati chidacho n'chopanda ntchito. Ndipo n'zoona kuti m'thupi la udzudzu mulibe chiwalo chimene ntchito yake ndi kudwalitsa munthu. Dicer-2 imateteza, miR-275 imalera mazira, tapiR1 imathandiza dzira kuswa, ndipo ngakhale vairasi sipindula kanthu ndi imfa ya wodwala. Choipa chimabadwa pamene zofuna za zamoyo zitatu zakumana pa khungu limodzi. Komabe yankholi lili ndi malire. Limachotsera udzudzu mlandu, koma silifotokoza chifukwa chake dziko linakonzedwa loti zabwino zizigundana chotero. Ndiponso mbuli ija inalowa yokha n'kugwira chida, pamene khanda logona pamphasa silinagwire kanthu.

Miyambo ina sipereka chifukwa n'komwe; imabweza funso kwa wofunsa. Qur'an, mu sura yachiwiri ndime 26, imatchula udzudzu ngati chinthu chonyozeka chimene Mulungu angaphunzitsire nacho, ndipo nkhani yofala pakati pa Asilamu imati mfumu yodzikuza Namrud inaphedwa ndi udzudzu umodzi wolowera m'mphuno. Talmud ya Ayuda ili ndi nkhani yofanana yonena za Titus, amene anagwetsa kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70, ndipo imakumbutsanso wodzitama kuti kachilombo kameneka kanalengedwa iye kulibe. M'buku la Yobu, Mulungu atayankhula sanafotokoze za zilonda kapena za ana amene anamwalira. Anamuonetsa Yobu nyama zakutchire zimene zimakhala moyo wawo osalabada za munthu. Phunziro lake n'lakuti munthu si muyeso wa chilengedwe chonse, ndipo ziwerengero zikuvomereza: pa mitundu ya udzudzu yoposa 3,500, yowerengeka yokha ndi imene imafalitsa matenda a anthu, ndipo ina siyamwa magazi n'komwe. Baruch Spinoza anafika pa mfundo yomweyi mwa nzeru zake, poti anthu amatcha chinthu chabwino kapena choipa poyeza ndi phindu lawo. Kudzichepetsa kotere n'koyenera, koma sikutonthoza aliyense wofedwa. Nkhani za Namrud ndi Titus zimakoma chifukwa udzudzu ukulanga wamphamvu, pamene m'mawodi a ana zinthu zimayenda mozondoka.

John Hick, mu 1966, anati dziko lopanda zoopsa silikanakulitsa chifundo, kulimba mtima kapena nzeru, choncho mavuto ndi sukulu ya mzimu. Pa malungo mfundoyi imatsimphina, chifukwa amene amafa kwambiri ndi amene sanafike msinkhu wophunzira kanthu, ndipo kunena kuti mwana anafa kuti makolo ake akule mu uzimu n'kumusandutsa chida. Christopher Southgate, amene anali wasayansi asanakhale katswiri wa zaumulungu, anapereka yankho lolimbirapo mu 2008: mwina njira yokhayo yopezera dziko lodzaza ndi zamoyo zamitundumitundu inali kuzilola kusintha m'mibadwo, zikupikisana ndi kudyana, ndipo Mulungu amavutika pamodzi ndi cholengedwa chilichonse n'kulonjeza kuchiwombola. RNA yaing'ono ikuikira kumbuyo gawo loyamba la mfundoyi. Mapuloteni a mabanja a Dicer ndi Argonaute amapezeka m'chimanga, m'nsomba ndi mwa munthu, ndipo mbewa ya m'labotale ikachotsedwa jini ya Dicer imafa ikadali kamluza m'mimba. Ofufuza ambiri amaganiza kuti njirayi inayamba ngati chitetezo ku mavairasi ndi DNA yodumpha ija, kenako n'kutembenuzidwa kuti iziyendetsa kakulidwe ka thupi. Ngati zili choncho, chida choumbira matupi chinasulidwa pa nkhondo yolimbana ndi matenda, ndipo n'kovuta kupempha chimodzi n'kukana chinzake. Otsutsa amafunsa kuti Mulungu wamphamvu zonse angakhale bwanji ndi njira imodzi yokha, ndipo funso limenelo likadali lotsegula.

Kwa munthu wosakhulupirira Mlengi palibe mlandu woti uzengedwe: chitetezo cha udzudzu chili pakati chifukwa udzudzu ndi mavairasi amene anapirirana ndi amene anapitiriza mbewu. Yankholi n'lokwanira pa funso lakuti zinachitika bwanji, koma ofedwa safunsa limenelo lokha. E. E. Evans-Pritchard, polemba za Azande mu 1937, anaona kuti iwo ankadziwa bwino kuti chiswe ndicho chimagwetsa nkhokwe, koma ankafunabe kudziwa chifukwa chake yagwera munthu uyu panthawi iyi. Max Marwick anapeza zofananako pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, kumene imfa zina zinkatchedwa za Mulungu, zambiri n'kuloza kwa mfiti. Sayansi ya RNA imalondola kachilombo kuchoka m'mimba mwa udzudzu mpaka m'malovu, ndipo paulendo wonsewo palibe pamene agogo okalamba a m'mudzi akupezeka. Funso lakuti n'chifukwa chiyani mwana uyu lili ndi mayankho ena osafuna ufiti: mawindo a nyumba yake alibe waya, masikito anang'ambika, chipatala chili kutali ndipo mlatho unakokoloka. Italy inatsimikizidwa kuti yathetsa malungo mu 1970, China mu 2021, Egypt mu 2024, chonsecho udzudzu wa Anopheles ukadalipo m'mayiko onsewa ndi RNA yake yomweyo.

Latsala funso la zimene munthu akuloledwa kuchita ndi chidziwitsochi. Popeza chitetezo cha udzudzu chili pakati, chingathe kukankhidwa. Mu 2006 gulu la Ken Olson ku Colorado linapanga Aedes aegypti umene ukangodya magazi, matumbo ake amatulutsa RNA ya maulusi awiri yofanana ndi ya dengue ya mtundu wachiwiri, kotero kuti vairasi imapeza Argonaute-2 ili chire. Kufalitsa vairasiyo kunachepa kwambiri, koma patapita mibadwo ingapo m'labotale mphamvuyo inazilala. Njira ina ndi ya bakiteriya wa Wolbachia, amene akaikidwa mu udzudzu amalepheretsa mavairasi kuchulukana, ndipo amadziwika kuti amasinthanso miRNA ina ya udzudzuwo. Ku Yogyakarta m'dziko la Indonesia njirayi inachepetsa dengue ndi 77 peresenti. Njira ziwirizi zimachiza udzudzu kuti munthu achire, mtundu wake n'kutsala wamoyo. Yolemera ndi ya gulu la Andrea Crisanti ku Imperial College London, limene mu 2018 linagwiritsa ntchito CRISPR, chida chosinthira DNA, kuika mu Anopheles gambiae jini yodzikakamiza kupita kwa ana pafupifupi onse n'kumawumitsa aakazi. Udzudzu wa m'makeji unatheratu m'mibadwo 7 mpaka 11. Pofika 2025 udzudzu wotere unali usanatulutsidwe kutchire kulikonse. Bungwe la Target Malaria linatulutsa udzudzu wamphongo wosabereka, wopanda jini yodzikakamizayo, m'mudzi wa Bana ku Burkina Faso mu 2019, ndipo mu Ogasiti 2025 boma la dzikolo linaimitsa ntchito yonse ya bungweli m'dzikomo.

Okana njira ya jini yodzikakamizayo amati kufafaniza mtundu wa cholengedwa si udindo wa munthu. Kalata ya Papa Francis ya Laudato si' ya 2015 imaphunzitsa kuti cholengedwa chilichonse n'chamtengo pamaso pa Mulungu posatengera ntchito yake kwa anthu, ndipo Ajaini a ku India amapewa kupha ngakhale kachilombo. Ovomereza amayankha kuti nthomba inalengezedwa kuti yatha mu 1980 ndipo mliri wa ng'ombe wa rinderpest mu 2011 popanda wolira, kuti mitundu yofunika kuichepetsa ndi yochepa pa 3,500 ija, ndiponso kuti kungokhala nakonso ndi chisankho chokhala ndi maliro ake. Chimene RNA yaing'ono ikuwonjezera pa mtsutsowu n'chakuti chopweteka anthu ndi kupirirana kwa udzudzu ndi kachilombo, ndipo kupiriranako kungasokonezedwe popanda kutha mtundu wa udzudzu. Pa dengue zimenezi zaoneka kale ndi Wolbachia. Pa malungo njira yofanana ikufufuzidwa, yofalitsa majini oletsa Plasmodium kukula m'mimba mwa Anopheles, ndipo ofufuza a Transmission Zero akugwira ntchitoyi pamodzi ndi a Ifakara Health Institute ku Tanzania. Ikadzatheka, mtsutso wa kufafaniza mtundu udzachepa mphamvu, koma udzatsala wa amene ali ndi ufulu wovomera kapena kukana, popeza udzudzu wotulutsidwa ku Tanzania sudzaima pa mtsinje wa Songwe kudikira chilolezo cha Amalawi.